Nkhumba Pamiyendo pa Che Amidu

Ine ndine wa ku Ntcheu, ndipo nyama ya nkhumba ndinayamba kudya mano asanathe n'kumera komwe. Koma pali kilo imodzi ndi theka imene ndinagula ku Zomba mwezi wina wotentha, zaka zija tinkayenda ndi khadi ya chipani m'thumba, imene mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwawa. Ndinayenda nayo tsiku lathunthu kuchokera ku Zomba kukafika ku Lungwena.

Nthawi imeneyo boma linali litanditumiza kukagwira ntchito pa kachipatala kena cha ku Lungwenako. Anthu ankanditchula kuti adokotala ngakhale ndinali wothandizira chabe. Mkazi wanga ndi ana anatsala kumudzi chifukwa cha munda ndi sukulu. Chiyao sindinkachimva, tchalitchi chathu chinali kutali, ndipo odwala akatha ndinkabwerera m'kanyumba kanga n'kumayankhula ndekha potsuka mbale. Ndinene mosabisa, chaka choyamba chija kusungulumwa kunatsala pang'ono kundithawitsa ntchito.

Amene anandipulumutsa anali Che Amidu, telala wachikulire amene ankasoka pakhonde la golosale. Tsiku lina ndikudutsa anandikodola, n'kundisunthira benchi, basi chinzake chinayambira pomwepo. Ndikaweruka ndinkakakhala pambali pa makina awo, iwo akupalasa. Ankandiphunzitsa Chiyao n'kumaseka mpaka kutsokomola ndikapotoza lilime. Chichewa chawo chinali chaulemu wa kumeneko, choti munthu uli pomwepo koma amakutchula ngati akunena wina: “Akhale pansi, adokotala, atiuze za kwawo.” Pa Lungwena ponse, munthu amene ankandifunsa ngati kalata ya kumudzi yafika anali iwo okha.

Pachipatalapo panali mlendo wina wondiposa. Anali mzamba wochokera ku Japani, dzina lake Noriko, koma amayi a m'midzi anamupatsa lawolawo, Abiti Japani. Malungo atamugwira kachiwiri anachira, koma chakudya chinamukana. Masabata awiri ankangomwa tiyi, mpaka wotchi inayamba kumutsetsereka pamkono. Tsiku lina ndinamufunsa kuti kwawo munthu akachira amalakalaka chiyani.

Anatembenuza pepala lolembapo mankhwala n'kuyamba kujambula kuseri kwake: nkhumba, botolo, dzira, buledi. Anati nyama ya pamsana pa nkhumba umaidula mopyapyala, n'kuimenya ndi botolo kuti ifewe. Ukatero umaigubuduza mu fulawa, kenako m'dzira, kenako m'nyenyeswa za buledi wogona, n'kuikazinga m'mafuta ambiri. Ikapsa umaiika pakati pa mapisi awiri a buledi wofewa pamodzi ndi kabichi wodula ngati tsitsi ndi sosi wakuda. Anati dzina lake ndi katsu sando, ndipo bambo ake ankamugulira pa siteshoni ya sitima akakhoza mayeso.

“Koma kuno nkhumba palibe,” anatero m'Chichewa chake cha m'buku, n'kuseka pang'ono.

Ankanena zoona. Tsidya lija la Shire nkhumba sunkaiona. Ngakhale Akhristu a kufupi ndi mishoni sankaweta, poopa kudana ndi abale awo Achisilamu. Pepalalo ndinalipinda n'kuliika m'thumba. Ndinali ndi maphunziro a katemera a masiku atatu ku Zomba sabata yotsatira, ndipo mumtima ndinati, mlendo mnzanga uyu adya.

Tsiku lobwerera ndinalawirira kwa bambo wina wopha nkhumba kuseri kwa msika. Ndinaloza pamsana, iye anadula bwino.

“Mukupita nayo kutali, bwana?”

“Ku Mangochi.”

Anaimitsa mpeni n'kundiyang'ana. “Ku Mangochi? Ndi nkhumba? Akakufunsani musakatchule kuti mwagula kwa ine.”

Ndinagula chibuma cha ayezi pa golosale ina, utuchi ndinapempha kwa kalipentala, nyamayo ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki. Chinatsala chinali kukutira zonsezo m'nyuzipepala zambiri kuti madzi asatuluke. Ndinali nditasonkhanitsa nyuzi zinayi. Koma potambasula ndinapeza kuti tsamba ili pali chithunzi cha mkulu wa dziko akuyendera minda, tsamba ilo akulandira alendo, kuseri kwake akukupiza litchowa. Masiku amenewo munthu wofuna kukalamba ali kwawo sankakulungira nkhumba m'nkhope imeneyo. Nditasankhasankha ndinatsala ndi masamba atatu, a mpira ndi a zamaliro. Ndinakulunga ndi omwewo, n'kuika m'chikwama cha mlaza. Buledi, kabichi ndi mabotolo a sosi ndinaziponya m'chikwama cha zovala.

Pa depoti achinyamata a chipani anali ataima pachipata ndi malaya awo ofiira. Ndinaonetsa khadi, anaitembenuza kawiri ngati akufuna kuipeza chifukwa, n'kundibwezera. Basi yothamanga inali itapita kale. Inabwera ya lokolo yochokera ku Blantyre, yoima paliponse pamene munthu wakweza mkono, ndipo inafika yodzaza kale. Ndinalipira makwacha awiri ndi matambala angapo kuti ndiimirire. Dzanja limodzi ndinagwira chitsulo, linalo chikwama, chifukwa pansi panali nkhuku za eni ake ndi mapazi okhaokha.

Pa Domasi tinaima kudikira mayi wina amene anatsika kukatenga mwana n'kubwera ndi ana atatu ndi mtondo. Potsetsereka ku Machinga dalaivala ankayenda ngati wanyamula mazira, mabuleki akulira. Mkono unayamba kundichita dzanzi. Pa Liwonde apolisi anatitsitsa tonse kuti aseche katundu. Wina anagwedeza chikwama changa ndi ndodo.

“Muli chiyani umu?”

“Ndiwo, bwana.”

Anapitirira. Ndikupuma, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

“Adokotala! Ali uli? Nawonso ali m'basi momwemu?”

Anali Che Amidu, atavala mkanjo woyera wa paulendo ndi mzuli wopeta. Anati akuchokera ku Limbe kukagula kachitsulo ka makina awo, ndipo anali atakhala kumbuyo kwenikweni. Ndinasangalala kuwaona, osanama ayi. Masiku atatu ku Zomba palibe amene anandifunsa kuti ndadzuka bwanji. Pokweranso anandikoka dzanja mpaka pampando wawo kuti ndiimirire pafupi, tizicheza.

Aliyense amene anayendapo pa mabasi aja akudziwa kuti wokhala pansi ankagwirira woimirira katundu. Mwana, dengu, wailesi, unkangolandira n'kuika pamiyendo, ndipo kukaniza kunali ngati kumunena mnzako kuti ndi wakuba. Ndisanaganize n'komwe, Che Amidu anali atatambasula manja.

“Abwere nacho kuno, mkono uthyoka.”

“Ayi, Che Amidu, n'chopepuka.”

“Aa, ine ndakhala, iwo aimirira, ndiye anyamulenso? Abwere nacho.”

Anachilanda n'kuchikhazika pa mkanjo uja. “Ii, chikuziziratu. Muli chiyani?”

“Nyama.”

“Ya chiyani?”

Ndinayang'ana m'basi. Kuyambira pa Liwonde anthu anali atasintha. Kutsogolo mizuli, kumbuyo mizuli, amayi ofunda kumutu, Chiyao chokhachokha.

“Ya mbuzi.”

“Wazinga ndani?”

Ankafunsa ngati yaphedwa mwa Chisilamu. Apa ndiye ndinali ndi mpata wobwerera, koma mantha ananditsogolera. Ndinati wazinga ndi shehe wa pamsika. Iwo anati alihamudulila, n'kusanjika manja onse awiri pachikwamacho, n'kuyamba kundifotokozera za mitengo ya nsalu ku Limbe. Sindinamvepo kanthu. Ndinkadziuza kuti maola awiri okha, tikafika pa boma ndilandira katundu wanga, nkhani yatha.

Pa Ulongwe tinaima nthawi yaitali akukweza matumba a chimanga padenga. Che Amidu anagula nthochi pawindo n'kundigawira ziwiri. Titachoka pamenepo sitinapite patali. Kunamveka phokoso kutsogolo, utsi woyera n'kutuluka, basi n'kuima pakati pa tchire dzuwa lili paliwombo. Dalaivala anasuzumira mu injini n'kunena kuti lamba waduka. Kondakitala anakwera lole yobwerera ku Liwonde kukafuna wina.

Palibe anadandaula mokweza. M'basimo munali bambo wina wa baji ya chipani pachifuwa, ndipo sitinkadziwa kuti kudandaula za lamba kumathera pati. Anthu anatsika mmodzimmodzi kukabisala pansi pa mlambe. Che Amidu anati mawondo akuwawawa, atsala momwemo kaye. Ndinapempha chikwama changa, anakana, ati ndipite ndikawongole miyendo. Ndinakhala ndekha pa mwala, ndikuyang'ana msewu ukunyezimira ndi kutentha. Lole iliyonse ikamveka tonse tinkadzuka, n'kukhalanso. Mayi wina anatulukira m'mudzi ndi ndowa ya thobwa, inatha nthawi yomweyo. Ine maganizo anali pa ayezi uja.

Itakwana nthawi ya swala, pemphero la masana la Asilamu, amuna anayamba kufunsa za madzi. Anauzidwa kuti kuseri kwa nyumba zija kuli mjigo. Che Amidu anatsika, n'kundipatsa chikwama. Pansi pake panali ponyowa, nyuzi zitasungunuka. Ndinawayang'ana. Kuyambira m'ntchafu mpaka m'mawondo mkanjo unali ndi chibanga chofiirira, chamadzi osakanikirana ndi magazi.

“Pepani, Che Amidu.”

“Palibe kanthu. Mbuzi yozinga, ndingotsukuluza kamodzi.”

Amuna ena anawapempha kuti, poti ndi aakulu pa onse, atsogolere swala. Anavomera, n'kulowera ku mjigo.

Ndinali nditakhala pakati pa anthu amenewa nthawi yokwanira kudziwa kuti magazi a mbuzi amachoka ndi madzi, koma chimene chakhudza nkhumba kapena malovu a galu chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Ndikangokhala chete, munthu uyu akanaima pamaso pa Mulungu wake, anthu khumi ali kumbuyo kwake, atavala nkhumba yanga. Ndikanena, mnzanga yekhayo amene ndinali naye adziwa kuti ndamunamiza kawiri. Ndinaima pamenepo ndi chikwama chikudontha. Kunena zoona, ndinayamba ndatembenukira ku basi. Kenako miyendo inandipititsa ku mjigo.

Ndinawapeza atawerama, akuthira madzi pachibangacho. Anzawo anali atasamba kale, akuyala nsalu pamthunzi chapatali.

“Che Amidu,” ndinatero motsitsa mawu, “si mbuzi.”

Sanadzuke. Madzi anapitiriza kugwa pamanja pawo.

“Ndi nkhumba. Ndimafuna ndikaphikire Abiti Japani, sakudya. Ndinachita mantha m'basi muja. Ndikhululukireni.”

Anaweramuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana manja awo, kuseri ndi kutsogolo. Ine sanandiyang'ane. Anavula mzuli n'kuupachika pa kamtengo. Kenako anavula mkanjo. Mkati anali ndi vesiti yobooka ndi kabudula wakale, nthiti zikuwerengeka. Munthu amene ankasoka zovala za mudzi wonse ndinali ndisanamuonepo mawondo. Anatapa dothi, n'kulisakaniza ndi madzi, n'kuyamba kupaka m'manja, m'ntchafu, pa mkanjo. Ankawerenga chapansipansi m'Chiyao. Ndinagwira mpini wa mjigo kuti ndiwapopere, anangokweza chala kuti ndisiye. Ankapopa okha, kutsuka, kufinya, kupopanso.

Bambo wina anabwera kudzawaitana. Ataona dothi lija anaima.

“Aswalitse wina,” anatero Che Amidu, “ine ndichedwa.”

Anapitiriza kutsuka. Koma bamboyo sanafunike kuuzidwa, chifukwa m'basimo munalibe galu. Anayang'ana chikwama changa, n'kubwerera kwa anzake. Palibe ananditukwana, palibe anandiloza. Ndikanakonda wina akanandimenya khofi.

Che Amidu anayanika mkanjo pachitsamba n'kukhala pansi pa dzuwa kuudikira. Utauma pang'ono anauvala n'kuswali okha, anzawo atamaliza kalekale. Kondakitala anafika ndi lamba cha m'ma thili koloko. Titakwera, ndinaima pafupi ndi chitseko. Basi inali yodzaza monga kale, anthu akupumirana m'khosi, koma mondizungulira munali mpata woti n'kuyalamo mphasa. Chiyambire kukwera mabasi ndinali ndisanaimepo momasuka chotero, ndipo sindinasungulumwepo ngati pa mtunda umenewo.

Tinafika pa boma la Mangochi dzuwa litapendeka. Ndinadikira Che Amidu pansi pa masitepe a basi. Anatsika omalizira, mkanjo uli ndi mizere ya dothi.

“Tiyeni tikapeze lole ya kwathu,” ndinatero.

“Ine ndigona kuno kwa mng'ono wanga. Apite okha.”

Anayenda masitepe awiri n'kutembenuka. Kwa nthawi yoyamba chichokereni pa mjigo anandiyang'ana m'maso.

“Adokotala, akanandiuza pa Liwonde paja kuti ndi nkhumba, ine ndikanaimirira. Iwo akanakhala pampando ndi katundu wawo, tikanacheza mpaka kuno. Ankayesa ndiwapanga chiyani?”

Analowera kumsika.

Ndinawoloka mlatho wa Shire ndikuyenda wapansi. Tsidya linalo ndinapeza lole yopita kukatenga usipa, n'kukwera kumbuyo pamwamba pa madengu opanda kanthu. Tinatitimira mumchenga kawiri titadutsa Malindi, tinakankha, tinafika kutada.

Ndinatseka chitseko ndi mawindo onse awiri ngati wofuna kuchita zoipa. Ayezi anali atatha, koma nyama inali ikadali yozizira, ndipo nditainunkhiza inali bwino. Ndinakoleza mbaula n'kutambasula pepala la Noriko patebulo. Chopalira ndinalibe, choncho ndinaboola chitini cha mkaka ndi msomali n'kupalira buledi wogona amene ndinagula tsiku loyamba ku Zomba. Nyama ndinaidula mapisi asanu, n'kuimenya ndi botolo, thukuta likugwera m'maso. Mchere, tsabola, fulawa, dzira, nyenyeswa. Zala zinasanduka zibuma. Mafuta ndinathira botolo lonse m'chiwaya, chinthu chimene mkazi wanga akanachiona akanagwira pakamwa.

Pisi yoyamba ndinaiononga. Moto unachuluka, kunja kunada ngati khala, mkati muli mwamuwisi. Ndinachotsa makala ena n'kudikira. Ndinaponya kanyenyeswa m'mafuta, kanamira pang'ono n'kukwera kakuthetheka, monga mmene anajambulira. Yachiwiri inatuluka yofiirira bwino, yolira ukaigogoda ndi mpeni. Fungo linadzaza nyumba, ndipo ndinkangoyang'ana m'mipata ya chitseko ngati ndiliona likutuluka. Kabichi ndinadula mopyapyala mmene mpeni wanga unathera. Sosi wakuda ndinamusakaniza ndi wa tomato ndi kashuga. Ndinasanja buledi, kabichi, nyama, sosi, buledi, n'kutsindira ndi mbale. Pomaliza pepala linkati ndichotse makoko onse a m'mbali mwa buledi. Zimenezo ndinachita monyinyirika, kwathu buledi sitimusenda.

Noriko ndinamupeza atakhala pakhonde pake, atafunda juzi kukutentha chonchija. Nditavundukula mbale anakhala kaye osagwira. Kenako anaphatikiza manja, n'kunena kamawu kakwawo, n'kuluma. Anatafuna nthawi yaitali maso ali pansi.

“Kabichi ndi wamkulu,” anatero. Anaseka, misozi ikutsika, n'kutenga ina.

Anadya zitatu. Anandikankhira mbale kuti nanenso ndidye, ndinati ndadyera kunyumba. Chakudyacho chinali chabwino, fungo lokha linkanena, koma ine sindinachilawe. Anandifunsa ngati ulendo unali wabwino. Ndinati unali wabwino, kungoti lamba anaduka.

Patapita masiku anayi ndinalimba mtima. Ndinatenga buluku limene linang'ambika pokankha lole, n'kupita pakhonde la golosale. Che Amidu anandilonjera bwinobwino. Anafunsa za kuntchito, anafunsanso ngati Abiti Japani wayamba kudya, ndipo nditati inde anati alihamudulila. Mtima unayamba kukhala pansi. Ndinawapatsira buluku lija. Mapazi awo sanasiye kupalasa.

“Aike pamenepo, adokotala,” anatero, akuloza ndi chibwano pakona ya tebulo.

Analisoka bwino kwambiri, msoko wosaoneka. Ndinakhala ku Lungwena zaka zina ziwiri. Sananenepo za ulendo uja kwa ine, ndipo sindinamve kuti anauzako wina. Ankandisokera zovala, akadwala ankabwera kuchipatala, ine n'kuika mapiritsi patebulo, iwo n'kutola. Koma sanalandirenso kanthu kuchokera m'manja mwanga, ngakhale singano yogwa pansi.

Tsiku losamuka ndinapita kukatsanzika. Anaimitsa makina, anaimirira, n'kundifunira ulendo wabwino ndi madalitso ambiri, ena m'Chiyao, ena m'Chiarabu. Ndinatambasula dzanja. Analiyang'ana kanthawi, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso zinkawapweteka. Kenako anaika dzanja lawo pachifuwa pawo n'kuwerama pang'ono. Langa ndinalibweza m'thumba, n'kupita kukakwera lole.